Nambala ya pa Mkono wa Kankhonya

9 Febuluwale

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Moni nonse kumeneko. Ndikhulupirira kuti Mayi munafika bwino ndipo miyendo ija yaphwa. Ife kuno tili bwino, kungoti chichokereni inu nyumba yakula. Mkamwini wanu akuyesetsa ndithu, koma thewera akamanga iye, mwana akangoyetsemula lagwa.

Dzina lija munamupatsa mwana moseka, Mayi, lamukakamira. Aliyense akungoti Kankhonya, ngakhale anamwino anzanga amene lilime limawakana kulitchula. Mpaka lero sanafunyulule dzanja. Akamayamwa amaliimika m'mwamba ngati akuopseza denga.

Tsopano Bambo, nthawi ndi yanu. Mayi anabwera, anamuona, anamunyamula, abwerera. Tikiti yanu ili mu envulopu yomweyi. Tsiku mukasankha nokha ku ofesi ya ndege, koma lisapitirire kutha kwa Meyi. Mukachedwa tikitiyo ifa, komanso tchuthi changa chitha, ndibwerera ku chipatala. Ndikufuna mubwere ndikadali pakhomo, ndizikuphikirani ndi kukuonani mutamunyamula. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili kuno simunapondeko, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndaikamo chithunzi cha tsiku lobadwa. Kalamba kamene amamanga ana pamkono kuchipatala kakuoneka bwino, ndipo nambala yake ndi 4028033. Ndachita dala, chifukwa ndikudziwa kuti inu mufunsa nambala musanafunse makilo. Mwana aliyense wobadwa m'nyumba mwanu mumamulembera khadi lonena mtundu wa nambala yake, ndipo langa ndikadali nalo m'chikwama cha mapasipoti. La Kankhonya musatumize pa positi. Mubwere nalo m'manja.

Mundiuze za mlongo wanga, takisi ija ikuyendabe kapena akuikankha? Mundilembere msanga tsiku lofika.

Ndine mwana wanu.

24 Febuluwale

Mwana wanga wokondedwa,

Moni kwa iwe, kwa mkamwini ndi kwa mlendo wathu. Kuno tili bwino. Amayi ako anafika ndi nkhani zokwana chaka chathunthu, ndipo onse obwera kudzasoketsa zovala akuzimva kaya afuna kaya safuna.

Kalata, tikiti ndi chithunzi zafika. Mwanayo ndi wokongola. Mphuno ndi ya kwathu, za makutu tisakambe kaye. Koma nambalayo, mwana wanga! Ndaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo mlendo ngati ameneyu sanagogodepo pakhomo panga.

Yako paja inali 18480. Imeneyo ndi nambala yosefukira, chifukwa ukaphatikiza nambala zonse zing'onozing'ono zimene zimaigawa, zimaiposa iyo mwini pafupifupi katatu. Imagawika ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 12 kupatula 9 yekha, n'chifukwa chake mumsewu wathu wonse aliyense ankakutuma ndipo sunkakana. Ya mlongo wako inali 20014. Imagawika ndi 2 kamodzi kokha, kenaka imatsala 10007 amene samva za munthu. Ukamuona mwini wakeyo lero sungadabwe.

Ya mdzukulu wanga ndaiyesa kale pang'ono. Ikuthera ndi 3, choncho 2 ndi 5 alibe nayo gawo. Manambala ake ukawaphatikiza akukwana 20, ndiye 3 nayenso wachoka chimanjamanja. Ndi 7 patsala 2. Nayenso 11 wakanidwa. Ndi 13 patsala 9. Ndayamba kuikayikira kuti ingakhale yosagawika, ya mtundu wa 7, 13 ndi 101, imene imangovomera 1 ndi iyo yokha basi. M'banja mwathu sitinakhalepo nayo yotere.

Koma kukayikira si umboni. Njira yake ndi kuigawa ndi nambala yosagawika iliyonse, imodziimodzi, mpaka kufika pa muzu wake, ndiye kuti nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imafika pa nambala yathuyi. Muzuwo uli cha pa 2007, ndipo zosagawika za m'munsi mwake zilipo 304. Chifukwa cha maso angawa ndizigawa zitatu patsiku, m'mawa, masana ndi madzulo, monga mankhwala. Ndikamaliza ndilemba khadi, ndikasankhe tsiku. Kwa mdzukulu wanga woyamba sindingafike opanda khadi.

Chinthu chimodzi ndikupempha. Mkamwini asaike nambalayi m'kompyuta yake. Akaika, asandiuze. Chakudya chotafuna wina sindidya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Undiuze ngati wayamba kuseka, ndiponso ngati makutuwo akusintha.

Bambo wako.

12 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Mdzukulu wanga akugona bwino? Kachilonda ka m'khosi kaja kanatha? Usaleke kumupukuta bwinobwino m'makwinya akatha kusamba, ndipo mkamwini umuuze kuti thewera si tayi, alimange molimba.

Ndikulemba ndekha bambo ako asakudziwa, chifukwa m'nyumba muno mwalowa nambala. Tebulo lodyera analanda. Tikudyera pamiyendo ngati tili pa siteji ya basi. Mapepala anga odulira mapatani a mayunifomu atha, kumbuyo kwake kwadzaza kugawa kokhakokha. Dzana ndinapatsa mayi wina patani ya siketi, iye n'kundifunsa ngati manambalawo ndi mtengo wake, anatsala pang'ono kukomoka.

Ine sukulu ya masamu sindinapite nayo patali, koma kuwerengera masiku ndimatha, chifukwa telala wosadziwa kuti ukwati uli liti sakhalitsa pantchito. Zitatu patsiku, mazana atatuwo adzatha mu Juni, tikiti itafa kale. Ndinawauza kuti, “Bambo a ana, bwanji osagawa zisanu patsiku?” Iwo akuti, “Kodi adokotala akati mapilisi atatu, inu mumamwa asanu kuti muchire msanga?” Ndinati zengerezu adalinda kwawukwawu, iwo akuti miyambi si umboni.

Mlongo wako anayesa kuthandiza. Anatulutsa foni n'kuyamba kudina nambala ija. Bambo ako anaimirira ndi rula m'manja, akuti, “Ukangoliwerenga mokweza yankholo, uzikagona m'takisi mwakomo mpaka udzakwatire.” Mnyamata anabweza foni m'thumba, n'kupitiriza kudya.

Palinso china. Masana aliwonse akagawa ya masana ija amavala chipewa n'kutuluka, osanena kopita. Amabwera dzuwa litapendeka, buluku lili ndi zomata za m'tchire mpaka m'mawondo, n'kumadandaula khosi. Ndinawafunsa kuti, “Kodi mayi ameneyu ndi wamtali bwanji kuti khosi lizichita kukupwetekani chonchi?” Sanaseke, sanakwiye, anangopempha mafuta opaka. Nsanje ndilibe, mwana wanga, munthu wa zaka zimenezi amene angamutenge andithandiza kuchapa. Koma zikundidabwitsa.

Suti yawo ndinaichapitsa, ili pa hang'ala kuseri kwa chitseko. Sutikesi ndinaitsitsa pamwamba pa kabati, iwo anaibwezera, ine ndinaitsitsanso. Pakali pano ili pansi. Uwalembere iweyo, mwina akumvera.

Mayi ako.

30 Malichi

Bambo,

Moni. Tili bwino. Kankhonya wayamba kuseka, ndipo makutu ndi omwe aja.

Kalata iyi ndi yanu nokha. Musaope, mkamwini wanu sanakhudze kompyuta. Ndachita ndekha ndi pensulo kuseri kwa envulopu, masana ano mwana atagona pamiyendo panga.

Munandiphunzitsa ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri kuti ukapeza muzu wa nambala usathamangire kugawa, uyambe wauchulukitsa ndi iwo womwe, uone kuti waphonya ndi zingati. Munkagogoda tebulo ndi rula ponena zimenezi. M'kalata yanu munalemba nokha kuti muzu uli cha pa 2007. Ndachulukitsa 2007 ndi 2007, ndapeza 4028049. Ndachotsapo nambala ya mwana wanga, patsala 16. Ndipo 16 ndi 4 kuchulukitsa ndi 4. Mwana aliyense amene anakhalapo m'kalasi mwanu akudziwa chotsatira. Uchotse 4 pa 2007, uwonjezere 4 pa 2007, wapeza ziwiri zimene zimaigawa. Ndi 2003 ndi 2011. Zinanditengera nthawi yochepa kuposa kuwiritsa botolo la mkaka.

Inu simungalembe 2007 osamuona 16 ameneyo. Munamuona tsiku loyamba lomwe. Ndipo munaonanso kuti mukayambira pansi, 2003 ndiye womaliza pa mndandanda wonse wa 304, ndiye munasankha kuyambira pansi, zitatu patsiku, kuti tikiti ife inu mukadali panjira.

Ndakhala ndikulira masana onse, ndipo sindikuchita manyazi kukuuzani. Pa ukwati wanga munati mukuchonga mayeso. Ndinamvetsa. Nditamaliza maphunziro munati mwendo. Ndinamvetsanso. Tsopano mwabisala kuseri kwa nambala ya mwana wanga. Ngati simunandikhululukire kuti ndinasiya masamu ku yunivesite n'kukaphunzira unamwino, nenani. Ngati ndi mwamuna amene ndinakwatiwa naye, nenaninso. Ndine munthu wamkulu, ndamuonapo munthu akuuzidwa zoopsa kuposa zimenezo n'kudzuka m'mawa mwake. Koma musandinamize ndi masamu, chifukwa munandiphunzitsa ndinu.

Mukapanda kuyankha ndidzadziwa yankho, ndipo tikitiyo mungoipatsa Mayi ayatsire mbaula.

Mwana wanu.

3 Epulo

Mwana wanga wokondedwa,

Moni nonse atatu. Papita nthawi osalandira kalata yako, ndiye ndati ndikupatse lipoti la ntchito, ungamaganize kuti bambo ako akungogona.

Ndadutsa 600! Lolemba ndinagawa ndi 601, panatsala 131. Nambala ya mdzukulu wanga yaima nji, yakana aliyense amene ndamutumako. Amayi ako akuti yatengera agogo ake aamuna. Ine ndati zikomo.

Anzanga opuma pantchito amene timakumana nawo kometa tsitsi ayamba kubetcha. Amene ankaphunzitsa mbiri yakale akuti igonja isanafike 1000. Ndamuuza kuti munthu amene ntchito yake inali kunena zinthu zitachitika kale asayambe ulosi atakalamba.

Za tsiku la ulendo usade nkhawa, zili m'maganizo. Ndamva kuti nyengo ino kumwambaku kumakhala mphepo yambiri, ndiye palibe chothamangira. Amayi ako andibisira mapepala awo a mapatani, tsopano ndikulemba kuseri kwa kalendala ya chaka chatha. Sutikesi ili pamwamba pa kabati pomwe imayenera kukhala.

Undilembere za mwana. Kodi wayamba kugwira zinthu? Akayamba umupatse pensulo, tione dzanja limene alandirire.

Bambo wako.

17 Epulo

Sisi,

Moni, ndi alamu ndi abwana aang'onowo. Mukudziwa kuti ine ndi kulemba sitimwerana madzi, koma Mayi andikhazika pa makina awo osokera, akuti sindidzuka mpaka pepalali lidzaze. Pa foni akuti ayi, chifukwa mdala amamva chilichonse chimene sakuyenera kumva.

Makalata anu anaphonyana panjira. Ija ya 601 anaitumiza yanu yamoto isanafike, ndiye musaganize kuti ankakusekani. Yanuyo itafika anaiwerenga ataimirira, kenaka anakhala pansi n'kuiwerenganso. Atatha anasonkhanitsa mapepala onse patebulo, kuwamanga ndi kansalu, n'kunena kuti, “Amayi, tebulo lanu ili.” Tinadyera patebulo tsiku limenelo koma chakudya sichinakome. Chiyambire pamenepo sanagawe kanthu. Amangokhala pakhonde, nyuzipepala ili chadodolido.

Koma Sisi, mwawombera kolakwika. Nkhani si unamwino wanu, si alamu ayi. Mvetserani.

Lachiwiri lapitalo ndinanyamula kasitomala wopita ku bwalo la ndege. Pobwerera ndinadzera kamsewu kafumbi ka kuseri kwa mpanda kuthawa mzere wa magalimoto. Ndikuona munthu wakhala pa chitsa m'maudzu, chipewa chili pa bondo, nkhope kumwamba. Ndinati chipewa chimenechi ndikuchidziwa. Ndinaima.

Ndinati, “Bambo, mukutani kuno?”

Akuti, “Ndikuwerenga.”

“Mukuwerenga chiyani?”

“Zonyamuka ndi zotera.”

“Chiyambire liti?”

“Chibwerere tikiti.”

Ndinati, “Ndiye zagwa zingati?”

Akuti, “Palibe.” Kenaka akuti, “Koma iwe, ine ndimangoziona zikunyamuka. Kumene zikupitako akundiuza ndani kuti zafika?”

Ndinafuna kuseka koma nditawayang'ana manja ndinaleka. Inali ikudutsa ina yaikulu pamwamba pathu, ndipo chipewa chija anachifinya mpaka chinasanduka chigamba. Mdala amaopa ndege, Sisi. Amaiopa zenizeni, mantha a mwana. Ndinawauza kuti takisi yangayi ndi yoopsa kuposa ndege kakhumi, poti mabuleki ake ndimawadziwa ndine. Akuti akudziwa, masamu ake anawachita kalekale, ndipo masamuwo akunena kuti akwere. Akuti, “Mutu wavomera. Mawondo ndi amene sanapite kusukulu.”

M'galimoto anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Ndauza Mayi okha, ndipo Mayi akuti inu si munthu wamba. Mayi anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti mkazi wamtali uja wapezeka, kenaka analowa kuchipinda n'kukalira. Mayeso aja a nthawi ya ukwati wanu anali atatha kuchongedwa, ndinawaperekeza ndine kokasiya mapepala. Tsiku la ukwatilo anavala suti kuyambira m'mawa n'kukhala nayo pabalaza mpaka madzulo. Ife tinkati ndi ukalamba.

Pepala ladzaza. Musawauze kuti ndanena. Tikiti ikadali m'kabati, Mayi sanayatsire mbaula. Munditumizire chithunzi china cha abwanawo, ndikufuna ndichipachike pa galasi la takisi.

Mlongo wanu.

29 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndikhulupirira kuti khosi lili bwino. Musamukalipire mlongo wanga. Chinsinsi chimene wasunga masiku atatu athunthu ndi chachikulu kale kwa iye.

Pepani, Bambo. Ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, komabe pepani. Masamu ndinakhoza koma yankho ndinalakwa. Ndinaona kuti mukuzengereza, n'kudzipangira ndekha chifukwa chake, ndipo ndinasankha chimene chinkandipweteka kwambiri. Ndikanangofunsa. Kuchipatala ndimagwira manja a anthu akuluakulu oopa jakisoni, mabwana ndi asilikali omwe, ndipo sindinamusekepo ndi mmodzi yemwe. Sindingayambire pa bambo anga.

Ndiye tamverani zimene tagwirizana ndi mkamwini wanu. Musakwere ndege. Tikitiyo ife, si munthu. Ife ndi amene tibwere. Ndafunsa dokotala wa ana, akuti Kankhonya wafika msinkhu woti angathe kukwera, bola ndizimuyamwitsa ponyamuka ndi potera kuti makutu asamupweteke. Mkamwini wanu sangachoke kuntchito, choncho tibwera awiri, ine ndi mwana. M'ndege muli kabedi kakang'ono kamene amakoleka pakhoma, ndiye azigona m'menemo usiku wonse tili m'mwamba, pamwamba pa nyanja. Tinyamuka sabata yomaliza ya Meyi, tikhala nanu masiku ochepa, ndibwerere kudzayamba ntchito.

Khadi lija mulembe, mudzamupatsira pakhonde panu. Mayi auzeni atsitse beseni lalikulu lija, ndipo mlongo wanga akonze mabuleki asanabwere kudzatitenga.

Ndikukukondani, Bambo, mukwere musakwere.

Mwana wanu.

10 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako yafika m'mawa uno ndipo ndikuyankha ndisanamwe tiyi.

Mwanayo asakwere ndege. Ndabwereza, asakwere. Kabedi kokoleka pakhoma! Pamwamba pa nyanja! Munthu wosatha ngakhale kukhala tsonga, amene sanalakwire aliyense! Kodi inu awirinu mitu yanu ikuyenda bwino? Dokotala ameneyo ali ndi ana ake?

Ngati pafunika kuti wina wa m'banja lino apachikidwe m'mwamba usiku wonse, akhale amene wadya kale zaka zake. Ndachokera ku ofesi ya ndege. Ndinyamuka pa 23, ndifika pa 24 m'mawa. Mtsikana wa pa kauntala anandifunsa ngati ndikufuna mpando wa pawindo, ndipo ndinamuyankha mwaulemu ndithu.

Za 16 uja, wakhoza. Ndinamuona ndisanavule n'komwe magalasi tsiku limene chithunzi chinafika. Ndakupatsa 9 pa 10, imodzi ndachotsa chifukwa cha mwano. Za unamwino usadzazinenenso. Ometa tsitsi anatopa nayo nkhani ya mwana wanga namwino, amachita kuyatsa wailesi ndikayamba.

Ndili ndi mantha kwambiri. Ndati ndilembe kuti udziwe kuti ndikudziwa. Mudzandichingamire.

Bambo wako.

27 Meyi

Amayi a ana anga,

Moni kumeneko. Ndafika. Ndikulemba ndi dzanja langa, ndiye mukhoza kuuza ometa tsitsi kuti amene anabetcha kuti ndikabwerera pa geti aluza.

Munandiseka pamene ndinkaika mtolo wa mapepala uja m'chikwama cha m'manja m'malo mwa juzi. Mapepalawo ndi amene anandifikitsa. Atangotseka chitseko cha ndege ndinatsitsa katebulo, mtsikana wa yunifomu anati ndikabweze mpaka tinyamuke, ndiye ndinalembera pa bondo. Paja ndinalekezera pa 787. Ndinayambira pa 797 mawilo akadali pansi, ndipo sindinadzutse mutu. Yankho ndinkalidziwa, inde, koma dzanja likamagawa mtima suyang'ana pawindo.

Pafupi nane panakhala mayi wina wonenepa bwino, wogulitsa nsalu, amene amakwera ndege ngati minibasi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka akuti, “Bambo, kodi ndinu amene mukuyendetsa?” Ndinati ayi, ndikungothandizira. Chakudya changa anadya ndi iye, ndipo ndege ikagwedezeka ankandigwirira pepala kuti 7 asaoneke ngati 1. Mulungu amudalitse.

Cholakwa chinali chimodzi. Mantha amafulumizitsa dzanja. Ndinafika pa 2003 msanga, analowa bwinobwino ka 2011 osatsala kanthu, ndinajambula mizere iwiri pansi pake, n'kufunsa mtsikana uja ngati tafika. Akuti kwatsala ola lathunthu. Za ola limenelo sindikuuzani. Mayi wa nsalu uja ali ndi mabala a zikhadabo zanga pamkono, ndipo ndinamva ndekha ndikuimba nyimbo ya kwaya imene ndinaiiwala kalekale.

Mwana wathu anandiona ndisanamuone. Anathamanga pakati pa anthu, mwana ali pachifuwa, n'kundikumbatira. Wanenepa pang'ono ndipo akuyankhula ngati inu. Mkamwini ndi munthu wabwino, wanyamula sutikesi, wandipatsa jekete lake, ndipo wavomera kuti nambala ija anaiika m'kompyuta tsiku loyamba lomwe n'kukhala chete miyezi itatu. Munthu wotere ndi wosunga banja.

Tsopano mdzukulu. Amayi, munandinamiza, munati ndi wokongola basi. Simunanene kuti amayang'ana munthu m'maso ngati akufunsa kuti unali kuti. Atandipatsa ndinakhala naye pansi. Nkhonya ija anaifunyulula, n'kugwira chala changa, n'kuitsekanso. Ndinalira pamaso pa mkamwini, ndipo sindikupepesa.

Khadi ndinalemba dzulo. Ndalemba kuti 4028033 imagawika ndi 2003 ndi 2011 basi, zosagawika ziwiri zoyandikana, popanda ina pakati pawo. Ndalembanso, poti choona sitibisa, kuti ndi yoperewera, chifukwa 1 ndi 2003 ndi 2011 ukaziphatikiza zikungokwana 4015, pamene iyo ili m'mamiliyoni. Mwana wathu anati, “Bambo, mwana wanga mukumulembera kuti ndi woperewera?” Ndinati si mwana, ndi nambala, ndipo nambala yotere imangotanthauza kuti awiri okha sakwanira, pafunika agogo pafupi. Anati ndiye ndikhale mpaka Ogasiti. Ndavomera mwamsanga moti anadabwa, koma inu mukudziwa chifukwa chake china.

Nkhani ndi imeneyo, Amayi. Kuti ndikuoneninso ndiyenera kukweranso chinthu chija, ndipo nambala yandithera. Ndafunsa mkamwini ngati kuli basi, waseka. Ndiye chonde, mupendeketse makina anu osokera. Kunsi kwake kuli kachitsulo kolembedwa nambala yaitali, ndinakaona tsiku lina ndikufuna pensulo yanga. Muikopere bwinobwino, mnyamatayo asaiike mu foni, ndipo munditumizire. Ikakhala yothera ndi 2, 4, 5, 6, 8 kapena 0, musavutike nayo, mukayang'ane kuseri kwa firiji. Ikhale yaitali kuposa ya mwanayu, yoti ndikatere ndisanaimalize.

Mukapanda kuipeza, tsitsani sutikesi inayo pamwamba pa kabati, mubwere ndinu. Inu simuopa kanthu.

Ndine mwamuna wanu.